Kachilombo ka CMV kali mwa pafupifupi aliyense, koma kafukufuku akuonetsa kuti sikakhala chete m'thupi

Achinyamata onse 59 omwe akatswiri a zaumoyo adawayeza magazi m'boma la Karonga adapezeka kuti adalowedwapo kale ndi kachilombo kotchedwa cytomegalovirus, komwe mwachidule amakatchula kuti CMV. Mwa anzawo 58 a msinkhu womwewo omwe adayezedwa ku United Kingdom, ndi 21 okha omwe adapezeka nako. Zotsatirazi zidatuluka m'chaka cha 2008 ndipo ndi umboni wapafupi womwe anthu a m'mbali mwa nyanja m'chigawo cha kumpoto ali nawo pa za kachilombo komwe ambiri mwa iwo sadakamvepo.

Kafukufukuyu adachitikira ku Chilumba pansi pa ntchito ya Karonga Prevention Study, yomwe idayamba m'chaka cha 1979 ngati ntchito yofufuza za khate ndipo masiku ano ikupitirira pansi pa bungwe la MEIRU. Adamutsogolera ndi Anne Ben-Smith mogwirizana ndi akatswiri a sukulu ya London School of Hygiene and Tropical Medicine, kuphatikizapo Hazel Dockrell ndi Paul Fine. Moyo wa ku Chilumba susiyana kwenikweni ndi wa ku Chintheche, Kande, Mpamba kapena Usisya m'boma la Nkhata Bay. Ana amayamwa kwa nthawi yaitali, amaleredwa ndi anthu ambiri pakhomo ndipo amadyera mbale imodzi ndi abale awo. Umu ndi momwe kachilomboka kamayendera, choncho zomwe zidapezeka ku Chilumba zikukhudzanso madera amenewa.

Nkhani ya CMV siipezeka m'malipoti a mwezi ndi mwezi omwe zipatala zing'onozing'ono zimatumiza ku ofesi ya zaumoyo ya boma, ndipo kachilomboka kalibe dzina m'Chichewa kapena m'Chitonga. Chifukwa chake n'chomveka. Munthu wathanzi akalowedwa nako nthawi zambiri samva kanthu, kapena amangotentha thupi ndi kufooka kwa masiku angapo, zomwe kuno timangoziyesa malungo. Komabe zomwe akatswiri akhala akupeza m'malabotale m'zaka 30 zapitazi zikuonetsa kuti kachilomboka kamasintha kagwiridwe ka ntchito ka chitetezo cha m'thupi kwa moyo wonse wa munthu, ndipo n'koopsa kwa mwana wosabadwa komanso kwa yemwe chitetezo chake chatsika. Ogwira ntchito m'boma omwe amakonza ndondomeko za uchembere wabwino, za Edzi, za TB ndi za maphunziro a ana a ulumali ayenera kukadziwa.

Mtundu wake ndi mbiri yake

CMV ndi kachilombo ka m'banja la herpes. Abale ake ndi odziwika bwino m'zipatala za dziko lino: koyambitsa katsabola ndi mashingozi, koyambitsa tizilonda ta pamlomo, komanso kaja kamene kamayambitsa khansa ya Kaposi. Khalidwe la banja lonseli n'lakuti kachilombo kakalowa m'thupi sikatulukanso. Kamafala kudzera m'malovu, mkodzo, mkaka wa m'mawere, magazi ndi pogonana, ndipo kamatha kuwoloka kuchoka kwa mayi woyembekezera kupita kwa mwana wa m'mimba. Anthu a kunyanja, omwe adazolowera kumva za likodzo ndi malungo, adziwe kuti kameneka sikachokera m'madzi ndipo udzudzu sukafalitsa.

Malinga ndi kuwerengera komwe kudatuluka m'chaka cha 2019, anthu 83 mwa 100 aliwonse pa dziko lapansi ali ndi CMV. Chomwe chimasiyanitsa maiko ndi msinkhu womwe munthu amakatengera. Ku Ulaya ndi ku America anthu ambiri amakula mpaka kufika pokwatira asadalowedwe nako. Ku Sukuta m'dziko la Gambia, ofufuza adapeza kuti ana 85 mwa 100 aliwonse amakhala atakatenga pofika chaka chimodzi, ndipo ku Lusaka adapeza ana 83 mwa 100 pofika miyezi 18.

M'chaka cha 1881, chaka chomwe Dr Robert Laws adasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kupita ku Bandawe, pafupi ndi Chintheche, dokotala wina wa ku Germany, Hugo Ribbert, adaona maselo otupa modabwitsa mu impso za khanda lomwe lidabadwa lakufa. Pa makina oonera tinthu tating'onoting'ono, maselo otere amaoneka ngati diso la kadzidzi, ndipo madokotala amawatchulabe choncho. Padapita zaka 75 kuti chomwe chimawatupitsa chidziwike. M'zaka za 1956 ndi 1957 akatswiri atatu a ku America, Margaret Smith, Wallace Rowe ndi Thomas Weller, aliyense payekha, adakwanitsa kuchulukitsa kachilomboka m'labotale. Weller ndiye adakapatsa dzina m'chaka cha 1960, dzina lochokera ku mawu a Chigiriki otanthauza selo lalikulu.

M'chaka cha 1990 akatswiri a ku Cambridge adamaliza kuwerenga malangizo onse a chibadwa a kachilomboka. Malangizowa ali ndi zilembo pafupifupi 235,000, pomwe a HIV safika 10,000. Mwa majini oposa 160 omwe CMV ili nawo, ochepera theka ndiwo ofunika kuti kachilomboka kachulukane m'mbale ya m'labotale. Ambiri mwa otsalawo ntchito yawo ndi yolimbana ndi chitetezo cha munthu.

Momwe kamalowera ndi komwe kamabisala

Kwa zaka zambiri ofufuza ankagwiritsa ntchito mitundu ya CMV yomwe idaleredwa m'labotale, maka wotchedwa AD169 ndi wina wotchedwa Towne. M'chaka cha 1996 zidadziwika kuti mitundu imeneyi, kamba kokhalitsa m'mbale, idataya majini ena omwe CMV ya mwa anthu ili nawo. Kunena kwina, akatswiri ankaphunzira za mkango poyang'ana womwe udaguluka mano. Pakati pa 2004 ndi 2005, ofufuza a ku Pavia m'dziko la Italy komanso Dai Wang ndi Thomas Shenk a ku Princeton adaonetsa kuti pachikopa cha kachilomboka pali gulu la mapuloteni asanu lomwe limakathandiza kulowa m'maselo a m'kamwa, a m'mitsempha ya magazi ndi m'maselo ena oyera a m'magazi. Mitundu ya m'labotale ija inali itataya gulu limeneli. Pambuyo pake zidapezekanso kuti ma antibody amphamvu kwambiri, omwe ndi mapuloteni a m'magazi ogwira kachilombo kasadalowe m'selo, amalunjika pa gulu la asanu lomweli. M'chaka cha 2018 akatswiri adapeza khomo la pa selo lomwe gululi limatsegula, lotchedwa neuropilin-2.

Kakalowa ndi kuchulukana, chitetezo cha m'thupi chimakagonjetsa koma sichikamaliza. Kamakabisala m'mafuta a m'mafupa, m'maselo omwe amabereka maselo a magazi, ndipo kumeneko kamazimitsa majini ake ambiri moti asilikali a m'thupi sakaona. Maselowa akamakula, kapena thupi likakhala pa nkhondo ndi matenda ena, kamadzuka. Mwa munthu wathanzi kudzukaku kumachitika kawirikawiri ndipo kumazimitsidwa mwini wake osadziwa. Mwa mayi woyamwitsa, kachilomboka kamadzukira m'mawere momwemo. Ku Tübingen m'dziko la Germany, kafukufuku wa m'chaka cha 2001 adakapeza mu mkaka wa amayi 96 mwa 100 aliwonse omwe adali nako kale.

Momwe kamanamizira asilikali a m'thupi

Apa ndi pomwe pagona ntchito yaikulu ya m'malabotale. Selo lililonse la m'thupi limatenga tizidutswa ta mapuloteni omwe likupanga mkati mwake n'kutiika panja, pa timbale totchedwa MHC, monga momwe woyendetsa lole amaonetsera mapepala a katundu wake pa rodibuloko. Asilikali a m'thupi otchedwa CD8 amayendera timbale timeneti, ndipo akaonapo kachidutswa kachilendo amapha selolo kachilombo kasadachulukane. Pakati pa 1995 ndi 1997 malabotale a ku America ndi ku Ulaya, kuphatikizapo ya Hidde Ploegh, adapeza kuti CMV ili ndi mapuloteni anayi osokoneza ntchito imeneyi, lililonse pa malo ake. Lotchedwa US6 limatseka khomo lomwe tizidutswa timadzera popita ku timbale. US3 limagwira timbale kuti tisatuluke panja. US2 ndi US11 amakokera timbaleto komwe selo limaphwanyira zinyalala zake. Mapeto ake selo lodzala ndi tizilombo limadutsa pa rodibuloko popanda woliimitsa.

Thupi lili ndi yankho lake pa chinyengo chotere. Pali asilikali ena, otchedwa NK, omwe ntchito yawo ndi kupha selo lililonse losaonetsa mapepala konse. Koma nawonso CMV idawakonzekera. M'chaka cha 1988 Stephan Beck ndi Bart Barrell a ku Cambridge adapeza kuti kachilomboka kamapanga puloteni lotchedwa UL18, lofanana ndi mbale ya MHC, lomwe tingalitche chiphaso chachinyengo. M'chaka cha 2000 zidadziwikanso kuti kali ndi uthenga wake wofanana ndi IL-10, uthenga womwe thupi limatumiza pouza asilikali ake kuti nkhondo yatha, abwerere. Tizilombo tambiri tili ndi njira imodzi kapena ziwiri zozembera chitetezo, koma CMV ili nazo zambirimbiri, ndipo ndi chifukwa chake akatswiri ophunzira za chitetezo cha m'thupi amaikonda: pofufuza chomwe kachilomboka kakuphwanya, amaphunzira momwe thupi limagwirira ntchito.

Kusunga mdani wotere m'khola kumalidyera thupi zambiri. M'chaka cha 2005 labotale ya Louis Picker ku Oregon idapeza kuti mwa munthu yemwe ali ndi CMV, pafupifupi selo limodzi mwa 10 aliwonse a CD4 ndi CD8 okumbukira matenda limakhala lolondera kachilombo kamodzi kameneka. Mwa okalamba ena chiwerengerochi chimakwera kuposa apa. M'chaka cha 2015 Petter Brodin ndi Mark Davis a ku Stanford adayeza chitetezo cha anthu 210 obadwa mapasa. Pakati pa mapasa ofanana chibadwa, pomwe mmodzi adali ndi CMV ndipo mnzake alibe, kusiyana kudaoneka pa zinthu zoposa theka mwa zomwe adayeza.

Zomwe zidapezeka ku Chilumba zikugwirizana ndi izi. Achinyamata a ku Malawi, onse opanda HIV, adali ndi maselo ochepa a CD4 ndi CD8 omwe sadamenyepo nkhondo, omwe ndi ofunika polimbana ndi matenda atsopano, koma adali ndi ambiri omwe adamenyapo kale. Mwa achinyamata a ku United Kingdom, omwe adali ndi CMV ndiwo adayandikira chithunzi cha anzawo a ku Malawi. Chofunika kwambiri n'chakuti ofufuzawa atayeza magazi a m'chingwe cha mchombo a makanda a m'maiko awiriwa sadapeze kusiyana pa maselo amenewa. Khanda la ku Karonga ndi la ku England amabadwa ndi kuchuluka kofanana kwa maselowa, ndipo kusiyana kumadza ndi zomwe thupi lakumana nazo pokula. Ofufuzawo adasamala osaloza chala CMV yokha, popeza mwana wa kunyanja amakumananso ndi malungo, njoka za m'mimba ndi likodzo.

Funso lomwe lidawafikitsa pamenepa ndi la katemera. Ku Karonga komweko, pakati pa 1986 ndi 1989, anthu oposa 120,000 adalowa m'kafukufuku wa katemera wa BCG, ndipo zotsatira za m'chaka cha 1996 zidaonetsa kuti kubwereza katemerayu kumateteza ku khate ndi theka koma sikuteteza ku chifuwa chachikulu cha m'mapapo. Ku United Kingdom katemera yemweyo ankateteza bwino ku TB. Kodi CMV ili ndi mbali pa kusiyana kumeneku? Mlanduwu sudagamulidwe, ndipo umboni ulipo mbali zonse ziwiri. Ku Gambia, kafukufuku wa m'chaka cha 2008 adapeza kuti makanda omwe ali ndi CMV amalandira bwinobwino katemera wa chikuku. Koma ku Paarl m'dziko la South Africa, kafukufuku wa Drakenstein, yemwe zotsatira zake zidatuluka m'chaka cha 2021, adapeza kuti ana omwe adatenga CMV asadakwanitse chaka chimodzi adali ndi chiopsezo chochuluka pafupifupi katatu chodwala TB m'zaka zotsatira. Ofufuza a ku Uganda nawo adaona kugwirizana pakati pa CMV ndi TB. Kugwirizana sikutanthauza kuti chimodzi chikuyambitsa chinzake, komabe m'dziko lomwe TB ikadali m'gulu la matenda opha anthu ambiri, nkhani imeneyi njoyenera kuitsata.

Mwana wa m'mimba

Chiopsezo chomwe palibe amene amachitsutsa ndi cha mwana wosabadwa. CMV ndiko kachilombo komwe ana ambiri pa dziko lapansi amabadwa nako kuposa kena kalikonse, ndipo kupatula za kumtundu, ndiko kamatsogola pochititsa kuti ana abadwe ndi vuto losamva la mu mtsempha wa khutu. M'maiko olemera pafupifupi mwana mmodzi mwa 200 aliwonse amabadwa nako. Kuwerengera kwa m'chaka cha 2021 kudaonetsa kuti m'maiko osauka chiwerengerochi n'chochuluka pafupifupi katatu.

Izi zidadabwitsa akatswiri. Kale ankakhulupirira kuti mayi yemwe adatenga CMV ali mwana ali ndi chitetezo chokwanira kutchinjiriza khanda lake, ndi kuti vuto lili pa mayi yemwe wakatenga koyamba ali woyembekezera. Chikhulupirirochi chili ndi choonadi chake: mayi wotenga koyamba amapatsira mwana wa m'mimba pafupifupi kamodzi mwa katatu kalikonse, pomwe yemwe adali nako kale amapatsira pafupifupi kamodzi mwa 100. Koma m'dziko ngati Malawi, momwe pafupifupi mayi aliyense ali m'gulu lachiwirili, kamodzi mwa 100 ndi ana ambiri. M'chaka cha 2001 Suresh Boppana ndi anzake ku Alabama adaonetsa kuti mayi yemwe ali nako kale atha kulowedwanso ndi mtundu wina wa CMV, womwe ma antibody ake akale sauzindikira bwino, n'kuupatsira mwana. Ku Ribeirão Preto m'dziko la Brazil, komwe amayi pafupifupi onse ali nako monga kuno, Marisa Mussi-Pinhata ndi anzake adapeza kuti pafupifupi khanda limodzi mwa 100 limabadwa ndi CMV, ndipo vuto losamva limapezeka mwa ana amenewa monga momwe limapezekera kwina.

Mwa makanda 10 obadwa ndi CMV, pafupifupi limodzi limaonetsa zizindikiro pobadwa: mutu waung'ono, chikasu, kutupa kwa chiwindi ndi kapamba, timadontho tofiira pakhungu, kapena kukomoka. Ena onsewo amaoneka athanzi, koma mwa iwo pafupifupi mmodzi mwa 10 amadzakhala ndi vuto la kumva, nthawi zina khutu limodzi, nthawi zina patapita miyezi kapena zaka. Makolo amazindikira mwana atafika zaka ziwiri kapena zitatu asakuyankhula, ndipo pamenepo n'kovuta kudziwa chomwe chidachititsa.

Ku Bandawe kuli sukulu ya ana osamva yomwe imayendetsedwa ndi sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP, imodzi mwa sukulu zochepa zotere m'dziko muno pamodzi ndi za Embangweni, Karonga, Mua, Maryview ndi Mountain View. Zomwe zimaononga kumva kwa ana kuno n'zambiri: malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, mafinya a m'khutu, mankhwala ena amphamvu ndi za kumtundu. Kukhala kulakwa kunena kuti ana a m'sukuluzi adafika kumeneko kamba ka CMV. Chomwe tinganene n'chakuti pa mndandanda wa zifukwawu, CMV ndi chifukwa chomwe sichiyezedwa kawirikawiri, pomwe ziwerengero za maiko ofanana ndi lathu zikusonyeza kuti gawo lake silingakhale laling'ono.

Mankhwala alipo. Kafukufuku wa David Kimberlin ndi anzake, yemwe adatuluka m'chaka cha 2015, adaonetsa kuti makanda obadwa ndi zizindikiro akayamba kumwa valganciclovir m'mwezi woyamba ndi kupitiriza kwa miyezi 6, kumva ndi kakulidwe ka ubongo wawo zimakhalako bwino. Mankhwalawa sachiza kotheratu, ndipo amachepetsa maselo ena oyera a m'magazi, choncho mwana amayenera kuyezedwa magazi pafupipafupi. Ameneyu si mankhwala ongopereka pa zenera.

CMV ndi HIV

Kuno ku Malawi zambiri zomwe zikudziwika za CMV zidadza kudzera m'kafukufuku wa Edzi. Kafukufuku wa BAN, yemwe adachitika ku Lilongwe pakati pa 2004 ndi 2010 pansi pa UNC Project ndipo adakhudza amayi 2,369 omwe ali ndi HIV pamodzi ndi ana awo, adaonetsa kuti ana pafupifupi 7 mwa 10 aliwonse adali atatenga CMV pofika miyezi 6, ndipo ngakhale amayi omwe ankamwa ma ARV poyamwitsa adapatsirabe ana awo kachilomboka. Ku chipatala cha University Teaching Hospital ku Lusaka, kafukufuku wa m'chaka cha 2014 pa makanda ogonekedwa adapeza CMV yobadwa nayo mwa makanda 11 pa 100 aliwonse a amayi omwe ali ndi HIV, poyerekeza ndi 2 pa 100 a amayi omwe alibe. Ku Cape Town, chaka chomwecho, zidaoneka kuti chiopsezo chimakula mwa amayi omwe CD4 yawo ili pansi pa 200. Ursula Gompels ndi anzake adapezanso m'chaka cha 2012 kuti ana a ku Lusaka otenga CMV msanga amatsalira pa kakulidwe.

Potengera izi, ndondomeko ya Option B+, yomwe dziko la Malawi lidayamba m'chaka cha 2011 ndipo imapereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa yemwe ali ndi HIV, iyenera kuti ikutchinjirizanso ana ena ku CMV yobadwa nayo, ngakhale sicho chidali cholinga chake. Mayi yemwe wayamba sikelo mochedwa, kapena wasiya mankhwala pakati, akuika mwana wake pa ziopsezo ziwiri.

Mwa khanda lomwe lili ndi HIV, CMV imatha kuyambitsa chibayo choopsa. M'chaka cha 2002 Chifumbe Chintu ndi anzake ku Lusaka adayeza mapapo a ana 264 omwe adamwalira ndi matenda a m'chifuwa ndipo adapeza CMV mwa pafupifupi mmodzi mwa asanu aliwonse. Umboni wotere ndiwo udatsogolera ku kafukufuku wa EMPIRICAL, yemwe adayamba m'chaka cha 2020 m'maiko a Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe, Uganda ndi Côte d'Ivoire pofuna kuona ngati kupereka valganciclovir kapena mankhwala a TB nthawi yomweyo, osadikira zotsatira za kulabotale, kungapulumutse makanda a HIV ogonekedwa ndi chibayo.

Mwa akuluakulu, CMV imachititsa khungu CD4 ikatsika kufika pansi pa 50. Ku America ndi ku Ulaya vutoli lidali lofala ma ARV asadabwere, koma madokotala omwe adayeza maso a odwala Edzi ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre m'zaka za m'ma 1990 adalipeza mwa ochepa kwambiri. Sikuti odwala athu adali otetezeka. Ambiri ankamwalira ndi TB ndi matenda ena asadafike pa mlingo umenewo. Kuyambira m'chaka cha 2004, pomwe boma lidayamba kupereka ma ARV aulere, funso lidasintha: kodi CMV ikuchita chiyani mwa munthu yemwe akukhala zaka zambiri pa mankhwala? Ku San Francisco, kafukufuku wa m'chaka cha 2011 adaonetsa kuti kufooketsa CMV ndi mankhwala kumachepetsa kutekeseka kwa asilikali a m'thupi mwa anthu omwe ali pa ma ARV. Ku Blantyre, ofufuza a Malawi Liverpool Wellcome adakhazikitsa kafukufuku wotchedwa RHICCA kuti aone ngati kudzuka kwa CMV ndi abale ake kuli ndi mbali pa kuuma kwa mitsempha ya magazi ndi matenda a sitiroko mwa anthu oyamba ma ARV.

Pa za mkaka wa m'mawere mpofunika kuyankhula mosapita m'mbali, popeza uthenga wosamveka bwino utha kuononga. Khanda lobadwa masiku ake atakwana likatenga CMV poyamwa nthawi zambiri silidwala, ndipo CMV yotengera mu mkaka siidziwika kuti imaononga makutu monga imachitira ya m'mimba. Omwe madokotala amawayang'anitsitsa ndi makanda obadwa masabata 32 asadakwane kapena olemera mochepera magalamu 1,500. Palibe chilichonse m'kafukufuku yense watchulidwayu chomwe chikusintha langizo la Unduna wa Zaumoyo loyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6.

Katemera akadalibe

Ntchito yofuna katemera wa CMV idayamba m'zaka za m'ma 1970, pomwe Stanley Plotkin adayesa mtundu wa Towne. Katemera wina, yemwe Robert Pass adalengeza zotsatira zake m'chaka cha 2009, adateteza pafupifupi theka la amayi, zomwe sizidakwanire. Wa kampani ya Moderna, yemwe adaphatikiza gulu la mapuloteni asanu lija, adayesedwa pa amayi pafupifupi 7,500, koma m'mwezi wa October 2025 kampaniyo idalengeza kuti walephera. Zindikirani kuti akatemera awiri omalizawa adayesedwa makamaka pa amayi omwe alibe CMV, gulu lomwe ku Chintheche n'lovuta kulipeza. Chimodzimodzi mankhwala a valaciclovir, omwe kafukufuku wa ku Israel wa m'chaka cha 2020 adaonetsa kuti amachepetsa kupatsira mwana wa m'mimba: amathandiza mayi yemwe watenga kachilomboka koyamba kumayambiriro kwa pakati. Malangizo ochokera ku Ulaya pa nkhani ya CMV ayenera kuwerengedwa ndi funso lakuti adalembedwera amayi ati.

Pali mbali ina yomwe ingatipindulire. Popeza CMV imasunga asilikali a m'thupi ali tcheru moyo wonse, labotale ya Picker idaigwiritsa ntchito ngati chonyamulira katemera wa matenda ena. M'zaka za 2011 ndi 2013 idalengeza kuti katemera wotere adateteza pafupifupi theka la anyani ku SIV, kachilombo ka anyani kofanana ndi HIV, ndipo m'chaka cha 2018 idaonetsa kuti njira yomweyo idachepetsa TB mwa anyani. Izi ndi zotsatira za pa anyani.

Zomwe zingatheke pa boma

Ku sikelo ya amayi oyembekezera CMV siiyezedwa, ndipo kuyeza ma antibody kuno sikungathandize kwenikweni poti pafupifupi mayi aliyense apezeka nawo. Langizo lomwe alangizi a zaumoyo angapereke popanda ndalama zoonjezera ndi la ukhondo: mayi woyembekezera asambe m'manja ndi sopo akasintha thewera kapena akapukuta mamina ndi dovu la mwana, asapsompsone mwana wamng'ono pakamwa, ndipo asamalize chakudya chomwe mwana walumako. Ana aang'ono ndiwo amatulutsa kachilomboka kochuluka, m'malovu ndi mu mkodzo, kwa miyezi kapena zaka. Ku France ndi ku Italy langizoli lidachepetsa kutenga CMV mwa amayi omwe adalibe, ndipo kuno likugwirizana ndi uthenga womwe umaperekedwa kale pa kolera ndi kutsegula m'mimba.

Pa za kumva, mwana yemwe sadzidzimuka ndi phokoso, satembenukira komwe kwachokera mawu pofika miyezi 6, kapena wachedwa kuyankhula ayenera kutumizidwa kukayezedwa makutu msanga. Zipangizo zoyezera kumva zilipo ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku chipatala cha ABC ku Lilongwe, mtunda womwe kwa banja la ku Usisya, komwe ulendo wopita ku boma nthawi zambiri ndi wa panyanja, ndi wautali ndithu.

Kuti zitsimikizike kuti mwana adabadwa ndi CMV, malovu kapena mkodzo wake uyenera kutengedwa asadakwanitse masiku 21. Akapitirira pamenepo n'kosatheka kusiyanitsa bwino CMV ya m'mimba ndi yotengera mu mkaka. Kuyezako kumagwiritsa ntchito njira ya PCR, yomwe dziko lino limagwiritsa kale ntchito poyeza HIV mwa makanda ndi kuchuluka kwa HIV m'magazi. Chigawo cha Ontario ku Canada chidayamba kuyeza CMV mwa makanda onse m'chaka cha 2019 ndipo chigawo cha Minnesota ku America chidatsatira mu 2023, onse pogwiritsa ntchito madontho a magazi oumitsidwa pa pepala, ofanana ndi omwe anamwino a ku Chintheche, Kande ndi Mpamba amatenga pachidendene cha khanda la mayi yemwe ali ndi HIV. Malovu ndiwo amaonetsa kachilomboka bwino kuposa magazi, ndipo kafukufuku wa Boppana wa m'chaka cha 2011 adaonetsa kuti ngakhale malovu oumitsidwa pa kathonje amagwirabe ntchito, zomwe zikutanthauza kuti atha kuyenda ulendo wopita ku labotale popanda firiji. Ayenera kutengedwa patapita pafupifupi ola limodzi mwana atayamwa, kuti CMV ya mu mkaka isasokoneze zotsatira, ndipo akasonyeza kachilomboka, mkodzo ndiwo umatsimikiza.